Magalimoto akale ndi osinthidwa pabwalo limodzi: kumvetsa zimene zimachitika pa msonkhano wa eni ake

Munthu amene wafika koyamba pa msonkhano wa anthu okonda magalimoto akale ndi osinthidwa amaona ngati palibe chimene chikuchitika. Magalimoto amakhala ataimikidwa m'mizere, maboneti ali otsegula, eni ake ataima chapafupi ndi kansalu kopukutira m'manja, ndipo anthu amangoyenda pang'onopang'ono pakati pa mizereyo kwa maola atatu kapena anayi, uku akusuzumira m'mainjini ndi kufunsana mafunso. Koma akakhalitsa pang'ono amazindikira kuti pabwalopo pali mkangano wakalekale umene anthuwo amauchita mwaulemu, ndipo galimoto iliyonse imene ili pamenepo ikuikira kumbuyo mbali imodzi ya mkanganowo.

Tiyerekeze kuti pali magalimoto awiri a Volkswagen Beetle, onse opangidwa m'chaka chimodzi, ataimikidwa moyandikana. Yoyamba utoto wake unatuwa ndi dzuwa, mipando yake inang'ambika m'mphepete, koma injini, chiwongolero ngakhale wailesi ndi zomwezo zimene inatuluka nazo ku fakitale. Yachiwiri ikunyezimira ngati yatuluka dzulo, yatsitsidwa mpaka mimba yake yatsala pang'ono kukhudza pansi, ili ndi marimu otambalala, ndipo injini yake ili ndi mphamvu zoposa kawiri za yoyamba ija. Mwini wa yoyamba amaona kuti mnzakeyo anawononga chinthu chimene sichingapangidwenso. Mwini wa yachiwiri amaona kuti mnzakeyo akusunga dzimbiri n'kumalitcha mbiri. Onse awiri anathera miyezi yambiri m'garaja, ndipo n'chifukwa chake amalemekezana ngakhale kuti sagwirizana.

Funso loyamba limene limavuta ndi lakuti galimoto imayamba liti kutchedwa yakale m'njira yoipatsa ulemu, chifukwa galimoto ya zaka 15 imene yangotha ntchito siloledwa kulowa m'gulu limeneli. Bungwe la FIVA, limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo limagwirizanitsa makalabu a magalimoto akale a m'mayiko ambiri, limanena kuti galimoto ya mbiri yakale ndi imene yakwanitsa zaka 30, yasungidwa mogwirizana ndi mmene inalili m'nthawi yake, ndipo sigwiritsidwa ntchito pa maulendo a tsiku ndi tsiku. Maboma nawonso ali ndi malire awo. Ku Germany galimoto ya zaka 30 imene yasamalidwa bwino ikhoza kupatsidwa nambala yothera ndi chilembo cha H, ndipo dongosolo limeneli linayamba mu 1997. Ku Britain malire ake ndi zaka 40, ndipo galimoto ikafika pamenepo mwini wake akhoza kusiya kulipira msonkho wa pamsewu komanso kusiya kupita nayo kokayezetsa chaka ndi chaka, koma mwayi wosakayezetsawu superekedwa kwa galimoto imene yasinthidwa kwambiri m'zaka 30 zapitazi. Apa munthu akhoza kuona kuti mkangano wa eni ma Beetle awiri aja unalowa ngakhale m'malamulo. Ku United States kuli lamulo lina limene limakhudza kwambiri zimene anthu amaona pa misonkhano: galimoto imene sinapangidwe motsatira malamulo a chitetezo a dzikolo imaloledwa kulowa ikakwanitsa zaka 25. N'chifukwa chake Nissan Skyline GT-R ya mtundu wa R32, imene inayamba kupangidwa mu 1989, inayamba kuoneka pa misonkhano ya kumeneko mu 2014, anthu ataidikirira nthawi yaitali.

Misonkhanoyi nayonso siyofanana. Wina mwa yakale kwambiri ndi ulendo wochokera ku London kupita ku Brighton, umene umachitika Lamlungu loyamba la mwezi wa November ndipo umalola magalimoto okhawo amene anapangidwa chaka cha 1905 chisanafike. Ulendowu umakumbukira tsiku la mu 1896 pamene lamulo la ku Britain linakweza liwiro lololedwa kuchoka pa mamailosi 4 kufika pa 14 pa ola. Palinso mipikisano ya kukongola, imene imadziwika ndi dzina lachifalansa lakuti concours d'elegance, ndipo yotchuka kwambiri ndi ya ku Villa d'Este m'mbali mwa nyanja ya Como ku Italy, imene inayamba mu 1929, ndi ya ku Pebble Beach ku California, imene inayamba mu 1950 ndipo magalimoto ake amaimikidwa pa kapinga wa bwalo la gofu. Ku Goodwood, ku England, magalimoto akale amathamanga ndithu, pa chikondwerero cha liwiro chimene chinayamba mu 1993 ndi pa mipikisano ya Revival imene inayamba mu 1998. Komabe misonkhano yambiri padziko lapansi ilibe oweruza, ilibe chikho, ndipo imachitikira pa malo oimika magalimoto amene eni ake angopereka chilolezo kwa maola ochepa m'mawa wa Loweruka kapena Lamlungu. Imeneyi ndi imene munthu wamba amayambira, ndipo ndi pamene magulu awiri aja, osunga ndi osintha, amakumana maso ndi maso, chifukwa ku Pebble Beach galimoto yotsitsidwa ya mnyamata wa zaka 22 singaimikidwe pafupi ndi Bugatti.

Gulu losunga magalimoto monga analili lili ndi mawu amene mlendo amawamva kawirikawiri, akuti matching numbers. Tanthauzo lake ndi lakuti manambala amene anadindidwa pa injini, pa giyabokosi ndi pa chasisi akugwirizana ndi zimene zinalembedwa m'mabuku a fakitale, kutanthauza kuti galimotoyo ikadali ndi ziwalo zimene inabadwa nazo. Magalimoto awiri ofanana ndendende m'maonekedwe akhoza kusiyana mtengo kwambiri chifukwa cha manambala okhawa, ndipo pamene pali ndalama zambiri pamakhalanso achinyengo amene amafafaniza manambala akale n'kudinda ena. Mukaona munthu atagwada pambali pa galimoto ndi tochi, akuwalitsa pakona ina ya injini imene palibe chokongola chilichonse, dziwani kuti akufufuza zimenezi. Kukula kwa ndalama zimene zili pamwamba pa msika umenewu kunaonekera mu May 2022, pamene Mercedes-Benz 300 SLR Uhlenhaut Coupé ya mu 1955, imodzi mwa ziwiri zokha zimene zinapangidwa, inagulitsidwa pa mayuro 135 miliyoni.

Pa mipikisano ya kukongola oweruza amayang'ana zinthu zing'onozing'ono zimene munthu wongodutsa sangaziganizire. Amafuna kudziwa ngati mitu ya mabawuti ili ya mtundu umene fakitale inkagwiritsa ntchito m'chaka chimenecho, ngati mawaya akulungidwa ndi nsalu kapena pulasitiki monga zinalili, ngati ulusi wosokera mipando ukuyenda mmene unkayendera, ndipo amauza mwini wake kuti alize injini, ayatse magetsi ndi kuliza hutala kuti aone ngati chilichonse chikugwira ntchito. Kwa zaka zambiri zimenezi zinachititsa kuti anthu azikonza magalimoto mopyola muyeso. Galimoto imene fakitale inaipaka utoto mothamanga, n'kusiya madontho pansi pa boneti, inkabwera ku mpikisano itasalazidwa paliponse, yokongola kuposa mmene inalili tsiku limene inagulidwa. Kenako anthu ena m'gulu lomweli anayamba kufunsa ngati kumeneku kunali kusunga mbiri kapena kuifafaniza. Chikalata cha FIVA chotchedwa Charter of Turin, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2013, chimalimbikitsa kuti zizindikiro za ukalamba wa galimoto zizilemekezedwa, ndipo kutuwa kwa utoto ndi kusweka kwa chikopa cha mipando, zimene amazitcha patina, zinasanduka chinthu chonyadira. Mu 2024 mphoto yaikulu ya ku Pebble Beach inapita kwa Bugatti Type 59 ya mu 1934 imene sinakonzedwe mwatsopano, ndipo aka kanali koyamba kuti galimoto ya gulu la zosungidwa monga zilili ipambane mpikisano wonse. Ndiye kuti ngakhale pakati pa osunga okhaokha pali awiri amene sagwirizana: wobwezeretsa galimoto kuti ikhale ngati yatsopano, ndi woisiya ndi zipsera zake.

Gulu la osintha lili ndi mbiri yakeyake, ndipo amene amaliona ngati la anyamata a masiku ano opanda ulemu amalakwitsa. M'zaka za m'ma 1930 achinyamata a kum'mwera kwa California ankagula magalimoto otchipa a Ford, n'kuwachotsa chilichonse cholemera, kuwonjezera mphamvu za injini, n'kukathamangitsana pa nyanja zouma za m'chipululu monga Muroc ndi El Mirage. Ford ya mu 1932, imene inabweretsa injini ya V8 pa mtengo umene anthu wamba akanatha kuufikira, ndi imene inakhala maziko a magalimoto otchedwa hot rod. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, asilikali ambiri anabwerera kwawo ataphunzira umakaniko, ndipo mipikisano ya m'misewu inachuluka mpaka inadetsa nkhawa apolisi. Mu 1951 Wally Parks anayambitsa bungwe la NHRA ndi cholinga chochotsa mipikisanoyo m'misewu ya anthu onse n'kuipititsa ku malo otetezedwa. Motero hot rod yopangidwa m'ma 1950 lero ndi galimoto yosinthidwa komanso ya mbiri yakale panthawi imodzi, ndipo munthu amene angaibwezeretse kuti ikhale Ford wamba ya mu 1932 ndiye amene angawononge mbiri.

Nkhani ya magalimoto otchedwa lowrider imasonyeza bwino mmene lamulo lingabalire luso. Anthu a ku Los Angeles amene makolo awo anachokera ku Mexico ankatsitsa magalimoto awo kuti aziyenda nawo pang'onopang'ono m'misewu ya mumzinda, anthu n'kumawaona, ndipo liwiro silinali nkhani kwa iwo. Mu 1958 boma la California linaletsa galimoto iliyonse imene mbali ina ya thupi lake inali pansi kuposa m'munsi mwa rimu. Eni magalimotowo anayankha potenga mapampu okankha zinthu ndi mphamvu ya oyilo amene ankagwiritsidwa ntchito m'ndege, n'kuwaika m'galimoto kuti izikwera akaona wapolisi ndi kutsika akamudutsa. Kudumpha ndi kupendekeka kumene magalimotowa amachita pa misonkhano lero kunachokera pamenepo. Lamulolo linakhalapo zaka zoposa 60, ndipo linachotsedwa kuyambira pa 1 January 2024, pamodzi ndi mphamvu imene mizinda inali nayo yoletsa anthu kuyenda mozungulirazungulira m'misewu poonetsa magalimoto awo.

Pakati pa magulu awiriwa pali njira yachitatu imene yakula kwambiri m'zaka zaposachedwapa, yotchedwa restomod. Kunja galimoto imaoneka yakale, koma mkati muli injini, mabuleki, mashokomuzoba ndi magetsi amakono. Ena afika pochotseratu injini ya petulo n'kuikamo mota yamagetsi ndi mabatire, ndipo mu 2019 FIVA inanena poyera kuti galimoto yotere siyionanso ngati ya mbiri yakale. Apa ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma kulemera kwa mfundozo kumadalira galimoto imene ikukambidwa. Volkswagen Beetle inapangidwa kuyambira mu 1938 mpaka mu 2003, ndipo inakwana magalimoto oposa 21 miliyoni, choncho munthu akadula imodzi dziko silinataye chilichonse chimene silingachipezenso. Koma galimoto imene inapangidwa makumi ochepa okha, kapena imene inapambana mpikisano wodziwika, ndi nkhani ina, ndipo ngakhale osintha ambiri amavomereza kuti yotereyo siyenera kukhudzidwa ndi chodulira zitsulo.

Chimene chimasokoneza mkangano wonsewu n'chakuti galimoto yakale imene ikuyendabe pamsewu ndi yosinthidwa kale penapake, mwini wake afune asafune. Mainjini ambiri akale anapangidwa kuti azigwiritsa ntchito petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza malo okhalapo mavavu kuti asamadyeke. Petulo ameneyu analetsedwa m'mayiko onse chifukwa mtovu umawononga ubongo, makamaka wa ana, ndipo dziko la Algeria ndilo linali lomaliza kusiya kumugulitsa mu 2021. Mwini galimoto yakale amayenera kuikitsa zitsulo zolimba pamalo okhala mavavuwo kapena kumathira mankhwala apadera m'tanki. Petulo wamakono m'mayiko ambiri amasakanizidwanso ndi ethanol, amene amadya mapaipi akale a labala, amakoka chinyezi, ndipo amawononga tiziwalo tina ta mu kabuleta, motero mapaipi amafuta amayenera kusinthidwa. Palinso malamba achitetezo. Lamba wogwira paphewa ndi m'chiuno anayamba kuikidwa m'magalimoto a Volvo mu 1959, ndipo magalimoto ambiri opangidwa chaka chimenechi chisanafike alibe lamba aliyense. Bambo amene akufuna kunyamula ana ake m'galimoto yotere amaboola chitsulo n'kuika malamba, ndipo palibe munthu wanzeru pabwalopo amene angamudzudzule. Matayala ndiwo sanenedwa n'komwe, popeza labala amauma ndi kung'aluka ngakhale galimoto itangokhala m'garaja. Kusiyana kwenikweni ndi kwakuti wosunga amabisa zimene wasintha ndipo amaonetsetsa kuti zikhoza kubwezeretsedwa, nthawi zina mpaka kusunga ziwalo zoyambirira m'bokosi, pamene wosintha amafuna kuti ntchito ya manja ake ionekere.

Munthu akamvetsa kuchuluka kwa ntchito imene ili m'galimoto iliyonse, malamulo osalembedwa a pamsonkhano savutanso kuwatsatira. Lalikulu ndi lakuti galimoto ya mwini sigwiridwa, sitsamiridwa, ndipo chitseko chake sichitsegulidwa popanda kupempha. Utoto wopakidwa bwino umafuna masabata ambiri osalaza thupi la galimoto, ndipo kachitsulo ka lamba wa m'chiuno, zipi ya jekete kapena kamera yolendewera pakhosi zikhoza kuukanda m'kamphindi kamene munthu wawerama kuti aone injini. N'chifukwa chake anthu ozolowera amaika manja kumbuyo akamawerama, ndipo kholo limagwira dzanja la mwana, ngakhale kuti eni magalimoto ambiri amasangalala kukhazika mwana pampando wa dalaivala akapemphedwa. Kujambula zithunzi kumaloledwa pafupifupi kulikonse, koma ndi bwino kubisa nambala ya galimoto musanaike chithunzicho pa intaneti, chifukwa akuba nawonso amayang'ana zithunzi zomwezo.

Pa nkhani ya mafunso, funso lakuti munagula ndalama zingati silisangalatsa anthu ambiri, ndipo kuuza mwini galimoto kuti magalasi akumbali si a chaka chimenecho ndi kumuuza chinthu chimene amachidziwa kale kuposa inu. Mafunso amene amatsegula pakamwa ndi onena za ntchito: galimotoyi munaipeza ili bwanji, chinakuvutani kwambiri n'chiyani, chiwalo ichi munachipeza kuti. Mukafunsa choncho, kawirikawiri munthuyo amatulutsa foni kapena buku la zithunzi n'kukuonetsani galimoto yomweyo ili pansi pa mtengo, matayala ataphwa, pansi pake patabooka ndi dzimbiri mpaka udzu ukuonekera, ndipo mphindi 20 zimatha mukumvetsera mmene anasakira chogwirira chitseko chimodzi kwa zaka ziwiri.

Amene akubweretsa galimoto yake ali ndi zake zoti akonzekere. Magalimoto akale amatentha msanga akamayenda pang'onopang'ono pamzere wolowera pachipata, chifukwa ambiri fani yake imazungulira mogwirizana ndi injini, ndiye injini ikamalira pang'ono mphepo yopita ku radiyeta imachepa. Kufika molawirira kumathandiza. Ndi nzeru kunyamula madzi, oyilo, zipangizo zochepa, chozimitsira moto, ndi kathireyi koika pansi pa injini kuti oyilo wodontha asadetse malo a eni. Wosintha galimoto ayeneranso kudziwitsa kampani ya inshuwalansi zonse zimene wasintha, popeza kampaniyo ikhoza kukana kulipira ngozi ikachitika n'kupezeka kuti galimotoyo si imene inalembedwa, ndipo m'mayiko ngati Germany zosintha zambiri zimayenera kuyezedwa ndi kulembedwa m'mapepala a galimoto isanaloledwe pamsewu.

Nthawi yoopsa kwambiri pa msonkhano uliwonse ndi yotuluka. Anthu amaima m'mbali mwa msewu mafoni ali m'mwamba, ndipo dalaivala amene wakhala maola atatu akuyamikiridwa amafuna kuonetsa mphamvu za injini yake. Amaponda mafuta matayala akadali ozizira, kumbuyo kwa galimoto kumaterereka, ndipo galimoto yamphamvu imene ilibe makina amakono othandiza kuiwongola ikhoza kukathera pagulu la anthu. Ngakhale popanda ngozi, phokoso la ekizozi, utsi wa matayala ndi zinyalala n'zokwanira kuti anthu okhala pafupi akadandaule, ndipo popeza misonkhano yambiri imachitikira pa malo obwereka, mwini malo amangotseka chipata. Kuchuluka kwa anthu kokha nakonso kumapha msonkhano. Wa Cars and Coffee wa ku Irvine, ku California, umene unayamba mu 2006 ndipo dzina lake linafalikira m'mayiko ambiri, unatha kumapeto kwa 2014 chifukwa anthu ndi magalimoto anachuluka kuposa mmene malowo akanathera kulandira. Ku Japan apolisi amatseka kawirikawiri malo oimika magalimoto a Daikoku, ku Yokohama, usiku anthu akachulukana. Ku Austria msonkhano wa magalimoto a Volkswagen GTI wa ku Reifnitz, m'mbali mwa nyanja ya Wörthersee, unayamba mu 1982 ndi magalimoto ochepa n'kukula mpaka kumakoka anthu zikwizikwi ochokera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, koma mu 2023 akuluakulu a dera la Maria Wörth analengeza kuti sadzaulolanso. N'chifukwa chake pa misonkhano yambiri lero okonza amaika anthu ovala majekete owala pachipata chotulukira, amalemba nambala ya galimoto iliyonse imene yatuluka mwaphokoso, ndipo mwini wake akabwera mwezi wotsatira amamubweza pachipata pomwepo.